Zigoli 23 za Tabitha ndi chikho chimene chinapita ku Roma

Mu August 2022 timu ya amayi ya Inter ya mumzinda wa Milan ku Italy inalengeza kuti yatenga Tabitha Chawinga pa ngongole kuchokera ku Wuhan, ku China. Kuno kwathu nkhaniyo inazungulira pa Facebook kwa masiku owerengeka, anthu n'kulemba zomufunira mafuno abwino, kenaka inazilala. Ine ndinaikakamira. Ndinkafuna kuona ngati mwana wa ku Rumphi amene anagwedeza maukonde ku Sweden ndi ku China angachitenso chimodzimodzi m'dziko limene limadzitama kuti otchinga kumbuyo ndiye kwawo. Pofika May 2023 yankho linali litapezeka: zigoli 23, ndipo anakhala mayi woyamba wa mu Africa kumwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu Serie A, ligi yaikulu ya amayi ku Italy. Koma chikho cha ligi Inter sinachinunkhe n'komwe. Chinapita ku Roma, timu imene inalibe wosewera ngakhale mmodzi woyandikira chiwerengero cha Tabitha. Mpaka lero ndikamakumbukira chaka chimenecho, maganizo anga amathamangira kwa Roma ndi ku mapepala amene osewera anasayina mu July, ngakhale kuti chimene chinandikokera kumeneko chinali zigoli za mwana wathu.

Ndiyambe ndi mapepalawo, chifukwa ndi amene anasiyanitsa chaka cha 2022-23 ndi zaka zonse zam'mbuyo. Ligi ya amayi ku Italy si yadzulo ayi, inayamba mu 1968. Koma kwa zaka zoposa 50, wosewera aliyense, kaya ndi katswiri Carolina Morace, kaya ndi Patrizia Panico amene anatsogola pa omwetsa zigoli maulendo 14, pamaso pa malamulo ankatengedwa ngati munthu wongomenya mpira podzisangalatsa. Lamulo la mu 1981 loona za masewero ngati ntchito linasiyira mabungwe oyendetsa masewero kuti asankhe okha amene akuyenera kutchedwa ogwira ntchito, ndipo panalibe bungwe limene linasankhapo amayi. Choncho mtsikana ankapita kokonzekera tsiku ndi tsiku, kuyenda maulendo ataliatali kuchoka kumpoto mpaka kummwera, kuvala yunifolomu ya dziko lake, koma ndalama imene timu ikanamupatsa inali ndi malire, pafupifupi mayuro 30,000 pa chaka msonkho usanadulidwe. Ambiri sankayandikira n'komwe malirewo. Penshoni kunalibe. Bondo likathyoka, mpira n'kuthera pomwepo, ankabwerera kwawo chimanjamanja. Akaima, panalibe lamulo la ntchito lomuteteza ngati mmene limatetezera mayi wa mu ofesi kapena wa m'fakitale.

Zinthu zinayamba kugwedezeka pamene matimu akuluakulu a amuna analowa m'bwalo. Fiorentina ndi imene inatsogola mu 2015, ndipo mu 2017 inatenga ligi. Chaka chomwecho Juventus inagula malo a timu ya Cuneo n'kulowa mu Serie A mwachindunji. Mu 2018 Milan inagula malo a Brescia, Roma inagula a Res Roma, ndipo Inter inatenga timu ina ya mumzinda womwewo imene inakwera mu 2019. Kenaka kunabwera World Cup ya ku France mu 2019. Italy inali itatha zaka 20 osapezekako, koma pansi pa mphunzitsi Milena Bertolini inafika mu ndime ya matimu asanu ndi atatu, anthu mamiliyoni akuonera pa wailesi yakanema. Zitatero zinavuta kupitiriza kunena kuti atsikanawo akungosewera zachibwana. Kaputeni wa timuyo, Sara Gama, wobadwira ku Trieste amene bambo ake ndi a ku Congo, anali m'gulu la amene anauma nazo khosi, ndipo mu 2020 anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa bungwe la osewera mpira. Mu April 2022 bungwe la FIGC loyendetsa mpira ku Italy, motsogozedwa ndi Gabriele Gravina, linamaliza kukonza malamulo, ndipo kuyambira pa 1 July 2022 kusewera mu Serie A ya amayi kunakhala ntchito yodziwika ndi boma, yokhala ndi kontrakiti, penshoni, inshuwalansi ndi tchuthi cha uchembere.

Malipiro otsikitsitsa a wosewera wamkulu anaikidwa pafupifupi mayuro 26,000 pa chaka, mofanana ndi amuna a mu ligi yachitatu, Serie C. Ukaisintha kukhala makwacha mutu umazungulira, koma funsani aliyense amene anachitapo lendi ku Ulaya akuuzeni kuti ndalama imeneyo ku Milan kapena ku Roma si yolemera nayo. Ubwino wake unali poti tsopano inali pa pepala, ndipo munthu akanatha kupita nayo kukadandaula. Kufunika kwa pepala kunaonekera bwino mu January 2023, ligi ili mkati, pamene Sara Björk Gunnarsdóttir wa ku Iceland, amene anali atangofika ku Juventus, anaulula kuti anawina mlandu ku FIFA wotsutsana ndi timu yake yakale ya Lyon, imene sinamulipire malipiro onse pa nthawi imene anali woyembekezera. Ngati timu yolemera ndi yotchuka ngati Lyon inafika pochita zotero kwa munthu wokhala ndi kontrakiti, tangoganizirani mtsikana wa timu ya kumudzi ku Italy amene analibe ngakhale kontrakitiyo.

Koma kulipira penshoni ndi msonkho wa osewera oposa makumi awiri si nkhambakamwa, ndipo FIGC inadziwa kuti si onse angakwanitse. Inachepetsa matimu kuchoka pa 12 kufika pa 10: Roma, Juventus, Inter, Milan, Fiorentina, Sassuolo, Sampdoria, Parma, Como ndi Pomigliano. Matimu khumi akakumana kawirikawiri basi, ligi ikutha ndi masewero 18 okha, ndiye anawonjezera ndime yachiwiri. Asanu apamwamba ankakumananso okhaokha kulimbirana chikho, asanu apansi okhaokha kulimbirana kuti asatuluke, aliyense atanyamula mapointi ake a ndime yoyamba. Onse pamodzi masewero 26. Ine dongosolo limeneli ndinalikonda, chifukwa kuyambira March sabata iliyonse kunkakhala masewero a zimphona zokhazokha. Koma ndi dongosolo lopanda chisoni kwa timu yodalira munthu mmodzi, monga mmene Inter inadzaonera.

Mukayang'ana mndandanda wa matimu khumiwo muona kuti maina amene anasunga mpira wa amayi pa nthawi imene panalibe wousamala mulibemo. Torres ya ku Sassari, pa chilumba cha Sardinia, inatenga ligi kasanu n'kawiri, koma mu 2015 inagwa chifukwa cha ndalama. Brescia inagulitsa malo ake. Tavagnacco, timu ya m'tauni yaing'ono kufupi ndi Udine, inatsika. Ngakhale Empoli, imene ili ndi timu ya amuna, inaona kuti katunduyo ndi wolemera n'kugulitsa malo ake kwa Parma ligi isanayambe. Pa matimu khumi aja, Como ndi Pomigliano okha ndi amene sanali pamsana pa timu yaikulu ya amuna. Anthu amene amaombera m'manja ntchito yolipidwa, ndipo inenso ndili momwemo, nkhani imeneyi amaidumpha msanga.

Kuonera ligiyi kuchokera kuno inali ntchito payokha. Ku Italy masewero ankaonetsedwa pa TimVision, ndipo amodzi pa sabata pa kanema wa La7. Ife tinkadalira tizidutswa ta pa YouTube ndi masamba a matimu, bandulo ikulira. Tsiku lina Loweruka masana ndinapita ku kanyumba koonetsera mpira kufupi ndi kwathu, kumene anyamata amadzazana pa mabenchi kuonera ligi ya ku England. Ndinapempha mwiniwake kuti, "Achimwene, tafufuzaniko ngati Inter ikuoneka." Anagwira rimoti mokondwa, nayamba kundiuza za Lukaku ndi Lautaro. Nditanena kuti ndikunena Inter ya amayi, ya Tabitha, anandiyang'ana kaye, n'kuseka pang'ono. "Aaa, Tabitha timamudziwa, ndi dolo. Koma ndikasintha apa anthuwa andibweza ndalama zawo." Sindinamutsutse. Ndinakhala pakona n'kumatsitsa foni, kudikira kuti tsamba la Inter lilembe amene wamwetsa. Chigoli chitalowa ndinauza mnyamata amene anali pafupi nane, iyeyo n'kuuza mnzake, ndipo nyumba yonse inaomba m'manja chigoli chimene palibe anachiona, maso ali pa masewero ena.

Tabitha sanafike ku Milan ngati mwana wokayesa mwayi. Anabadwa mu 1996, anasewera ku DD Sunshine ku Lilongwe, ndipo mu 2014 anapita ku Sweden, ku timu yaing'ono ya Krokom/Dvärsätt. Kuchoka apo anapita ku Kvarnsveden, kumene mu 2015 anamwetsa zigoli 43 mu ligi yachiwiri n'kuikweza timuyo. Mu 2017 anatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi yaikulu ya Sweden, koma timu yake inatuluka mu ligi chaka chomwecho. Taonani, nkhani yoti iye akumwetsa koma timu osafika patali sinayambire ku Italy. Mu 2018 anapita ku Jiangsu Suning ku China, ndipo pali kachinthu kena kosangalatsa apa: kampani ya Suning, mwini wa timu imeneyo, ndi yomweyo imene inali mwini wa Inter kuyambira 2016. Pamene ankafika ku Milan anali atadutsa kale ku Wuhan, koma dzina la Suning analipeza likumudikira ku Inter.

Mphunzitsi amene anamulandira anali Rita Guarino, mayi amene anatenga ligi kanayi motsatizana ndi Juventus asanasamukire ku Inter mu 2021. Guarino sanachedwe kuona chida chimene wapatsidwa. Otchinga kumbuyo a ku Italy amaphunzitsidwa kuima pamzere, kuwerenga mpira, kutseka mipata. Zonsezo zimagwira ntchito pa munthu amene liwiro lake likufanana ndi lako. Tabitha ankaima chakumanzere, ngati sakufuna kanthu, kenaka mpira ukangoponyedwa kuseri kwa mzere, wotchinga akamatembenuka n'kuti iye atapita kale. Ukamutsatira pafupi amakukankha ndi phewa, chifukwa mphamvu ali nazo. Ukamusiyira malo amalowa mkati n'kuwombera. M'tizidutswa tambiri timene ndinaonera, chithunzi chinali chimodzimodzi: wotchinga akukweza dzanja kupempha kuti oimbira aimbe kuti waotchera, wapagolo akutuluka mokayika, ukonde n'kugwedezeka. Mu October 2022 Inter inakwapula Milan 4-0 pa masewero a matimu a mumzinda umodzi, iye ali m'gulu la omwetsa, ndipo kwa masabata angapo Inter inkaoneka ngati ingalimbane ndi aliyense.

Inter sinali timu ya anthu wamba. Inali ndi Francesca Durante pagolo, Stefanie van der Gragt wa ku Netherlands kumbuyo, kaputeni Lisa Alborghetti, Ghoutia Karchouni pakati, Elisa Polli ndi Ajara Nchout wa ku Cameroon kutsogolo. Koma pamene miyezi inkapita, njira yopita ku golo inkacheperachepera mpaka kutsala imodzi: upeze Tabitha. Matimu apansi njira imeneyo sankatha kuitseka. Mu ndime yachiwiri, pamene sabata iliyonse unkakumana ndi Roma, Juventus, Milan kapena Fiorentina, aphunzitsi anali atamuona kale kawiri, ndipo ankadziwa kuti ukatseka amene akumupatsira mpira watseka theka la timu. Iye anapitirizabe kumwetsa, koma Inter inkamwetsedwanso, ndipo mapointi anayamba kutayika. Malo awiri apamwamba, amene ankapereka mwayi wa Champions League, anapita kwa Roma ndi Juventus. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chaka chimenecho ku Inter denga linali pa mutu wa mwana wa ku Rumphi. Osewera anzake mu ligi anamuzindikira: pa mwambo wa bungwe la osewera kumapeto kwa 2023 anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa. Koma n'kuti atachoka kale, ali ku Paris Saint-Germain, kumene anakatsogolanso pa omwetsa zigoli mu ligi ya France asanapite ku Lyon mu 2024. Chodabwitsa n'choti Inter inadzafika pa nambala yachiwiri mu 2024-25, pansi pa Gianpiero Piovani, ilibe wosewera aliyense wofika zigoli 20.

Pali mchimwene wanga amene mpaka pano amati Tabitha akanapita ku Roma akanamwetsa 30 n'kutenganso chikho. Mwina. Koma ine ndimaona kuti Roma inawina chifukwa inalibe munthu woti aliyense azimuyang'ana. Timuyi inamangidwa pang'onopang'ono. Betty Bavagnoli anaiphunzitsa kuyambira 2018, anatenga nayo Coppa Italia mu 2021, kenaka anakwera kukhala woyang'anira mpira wonse wa amayi ku kalabuyo, mpando wa mphunzitsi n'kusiyira Alessandro Spugna wochokera ku Empoli. Sanathamangitsidwe, sanakangane, anangosinthana ntchito. Chaka choyamba cha Spugna anathera pa nambala yachiwiri. Pokonzekera chaka chachiwiri sanagule chigulugulu, anangotseka mabowo. Kumbuyo anabweretsa Moeka Minami wa ku Japan ndi Carina Wenninger wa ku Austria kuti athandizane ndi Elena Linari. Kutsogolo anabweretsa Valentina Giacinti, amene anali kaputeni wa Milan asanasemphane ndi akuluakulu kumeneko. Ena onse anali akudziwana kale: Camelia Ceasar pagolo, Manuela Giugliano ndi Giada Greggi pakati, Andressa Alves wa ku Brazil, Emilie Haavi wa ku Norway, Annamaria Serturini ndi Benedetta Glionna m'mbali.

Amene ndinkakonda kumuyang'ana anali Giugliano. Ndi wamfupi, sathamanga kwambiri, koma mpira usanamufike amakhala atatembenuza kale mutu kawiri kuona amene ali kuti. Akaulandira saukhalitsa. Mpira umachoka kumanja kupita kumanzere, kubwerera, kupitanso, mpaka otchinga a timu ina atatopa kusuntha, ndiyeno mpata umatseguka ndipo Haavi kapena Andressa walowamo. Ukatseka Giacinti amamwetsa Andressa. Ukatseka Andressa amamwetsa wochokera pa benchi. Ngakhale otchinga kumbuyo ankabwera kudzamwetsa pa makona. Timu yotereyi ilibe chingwe chimodzi choti ungadule.

Chizindikiro choyamba chinabwera mu November 2022 ku Parma, pa Supercoppa, chikho cha masewero amodzi okha, pamene Roma inalepherana mphamvu ndi Juventus 1-1 n'kupambana pa mapenate. Chikho chimenecho n'chaching'ono, koma Juventus inali itatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira pamene inabadwa mu 2017, ndipo ku Italy kunali kutakula mbadwo wa atsikana amene sanaonepo timu ina ikunyamula ligi. Nthawi yomweyo Roma inali ikusewera Champions League koyamba m'mbiri yake. Inaikidwa m'gulu limodzi ndi Wolfsburg, St. Pölten ndi Slavia Praha, ndipo masewero ake apakhomo a m'gululi inakasewerera ku Latina, kunja kwa mzinda, chifukwa bwalo lake la Tre Fontane ndi laling'ono, lolowa anthu masauzande ochepa. Inadutsa. Juventus, imene inagwera m'gulu la Arsenal ndi Lyon, inatsalira.

Pa 21 March 2023 Roma inalandira Barcelona pa Stadio Olimpico, bwalo limene amuna amasewerera. Kunalowa anthu 39,454, chiwerengero chimene sichinaonekepo pa mpira wa amayi ku Italy. Chimene chinkatsogola m'mbuyomo chinali cha masewero a Juventus ndi Fiorentina ku Turin mu March 2019, anthu 39,027, koma tsiku limenelo analowa ulere. Ku Roma anthu anagula matikiti. Kusiyana kumeneko kwa ine n'kwakukulu kuposa anthu mazana anayi owonjezerawo, chifukwa penshoni ya wosewera imachokera kwa munthu amene wavomera kutulutsa ndalama m'thumba kuti amuone. Barcelona inapambana 1-0, chigoli cha Salma Paralluelo, koma Ceasar anagwira mipira imene inkaoneka kuti yalowa kale, ndipo chakumapeto Roma inatsala pang'ono kubweza. Pa masewero achibwereza ku Camp Nou zinthu zinabwerera m'malo mwake, 5-1, ndipo aliyense anaona mtunda umene unalipobe pakati pa timu yabwino koposa ku Italy ndi yabwino koposa ku Ulaya. Barcelona inakatenga chikhocho chaka chomwecho.

Ndinkaopa kuti kuswedwa koteroko kuwathyola mtima. Sizinatero. Mu April anagonjetsa Juventus 3-2 pa Tre Fontane, ndipo patatha sabata, pa 29 April 2023, pa bwalo lomwelo, anagonjetsa Fiorentina 2-1 n'kutenga ligi masewero asanathe. Chigoli chopambanitsa anamwetsa Elisa Bartoli. Amene samudziwa angaone ngati zinangochitika, koma kwa masapota a Roma palibe amene akanayenera kuposa iye. Bartoli ndi wobadwira mumzinda wa Roma, wotchinga kumbuyo, sapota wa timuyo kuyambira ali mwana. Anasewera ku Torres, anatenga ligi ndi Fiorentina mu 2017, ndipo pamene Roma inkayambitsa timu ya amayi mu 2018 anasiya timu yomwe inkasewera Champions League n'kubwerera kwawo kukakhala kaputeni wa timu yoyamba kumene. Anadikira zaka zisanu, n'kumwetsa chigoli cha chikho pa timu yake yakale. Ku Italy timu yotenga ligi imasoka kachishango ka mitundu itatu ya mbendera pa chifuwa cha yunifolomu chaka chotsatira. Timu ya amuna ya Roma inakavala komaliza itatenga ligi mu 2001, nthawi ya Francesco Totti, ndiye mumvetse chifukwa chake ngakhale masapota amene sankalabadira za amayi anatuluka m'nyumba tsiku limenelo.

Juventus ya Joe Montemurro sinali yofooka. Inali ndi Cristiana Girelli, Barbara Bonansea, Gama, Arianna Caruso, Lineth Beerensteyn, Julia Grosso. Inangotaya mapointi m'malo amene kale sinkataya, ndipo kuvulala kwa osewera ena kunaipweteka. Inadzipepesa pa 4 June ku Salerno, pamene inagonjetsa Roma 1-0 mu ndime yomaliza ya Coppa Italia, Bonansea atamwetsa mphindi zomalizira. Za Milan ya Maurizio Ganz ndi Fiorentina ya Panico ndilibe zambiri zonena. Zinali ndi masabata abwino ndi oipa, ndipo palibe imene inaopseza awiri apamwamba.

Kumunsi kunali nkhani ina imene anthu ochepa anaitsatira. Parma, imene inagula malo mu ligi ndi ndalama za mwini wake wa ku America, Kyle Krause, ndi imene inatuluka. Kugula malo n'kosavuta, koma timu yosonkhanitsidwa m'miyezi iwiri imaoneka m'bwalo. Pomigliano, timu ya m'tauni ya mafakitale kufupi ndi Napoli, inathera yachiwiri kuchokera pansi, ndipo inayenera kukumana ndi Lazio ya mu Serie B kuti idziwike yotsala. Inapulumuka. Ndinasangalala nazo kwambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa inali timu yokhayo ya kummwera mu ligi chaka chimenecho, ndipo inalibe timu yaikulu ya amuna yoithandiza kulipira. Chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa chaka chotsatira inatuluka. Sampdoria nayo inaonetsa mbali ina ya kudalira amuna: timu yawo ya amuna inatsika mu Serie A mu 2023 ili m'ngongole zoopsa, ndipo kwa masabata angapo m'chilimwe chimenecho atsikana sankadziwa ngati timu yawo ikhalapo. Ukakwera pamsana pa kalabu ya amuna umapeza mabwalo abwino ndi madokotala, koma bajeti ikafupika mzere wako ndi umene amayamba kuuyang'ana.

Ligi itangotha kunabwera World Cup ya ku Australia ndi New Zealand, ndipo anthu ambiri ankayembekezera kuti chaka chimodzi cha ntchito yolipidwa chioneka pomwepo. Italy inagonjetsa Argentina 1-0, chigoli cha Girelli, kenaka inathambitsidwa ndi Sweden 5-0. Pa 2 August 2023 ku Wellington inakumana ndi South Africa, imene kaputeni wake Refiloe Jane ankasewera ku Sassuolo atachoka ku Milan, ngakhale tsikulo sanalowe chifukwa anali atavulala. Italy inkangofuna kulepherana mphamvu kuti idutse. Banyana Banyana inapambana 3-2, Thembi Kgatlana atamwetsa nthawi yowonjezera, ndipo kunena zoona tsiku limenelo ndinalumpha ngati wa ku Soweto, ngakhale atsikana amene ankalira pa udzu anali omwe aja ndinawatsatira chaka chonse: Giugliano, Linari, Giacinti, Caruso. Bertolini anachoka paudindo. Ku Italy panamveka mawu ofunsa kuti ndalama zonsezo zapindulanji.

Funso limenelo ndinaliona lachangu. Penshoni simwetsa chigoli m'miyezi khumi ndi iwiri. Chimene imachita n'choti mtsikana wa zaka 28 asasiye mpira kukafuna ntchito ya mu sitolo poopa ukalamba, ndiponso kholo la mwana wa zaka 12 lisamuletse kupita kokonzekera. Zimenezo zimaoneka patapita zaka. Roma inatenganso ligi mu 2023-24, Juventus inabwezera mu 2024-25, ndipo ligi inabwerera pa matimu 12. Mu July 2025, pa Euro, mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, ku Switzerland, Italy ya Andrea Soncin inagonjetsa Norway 2-1 mu ndime ya matimu asanu ndi atatu, zigoli zonse ziwiri za Girelli, ali ndi zaka 35. Mu ndime yotsatira inatsogola pa England ndi chigoli cha Bonansea, wa zaka 34, mpaka nthawi yowonjezera, pamene Michelle Agyemang anabweza, Chloe Kelly n'kumaliza nkhani pa mphindi ya 119. Girelli ndi Bonansea anasewerera limodzi ku Brescia, ndipo zaka zambiri za mpira wawo anazisewera malamulo akuwatenga ngati ongodzisangalatsa. Kontrakiti yoyamba yodziwika ndi boma anaisayina onse atapitirira zaka 30.